Awiri m'Ndowa Imodzi

Kumatsiriro, kumwera kwa Joni
8 Sepitembala 1996

Okondedwa Amama, Nelesi mkazi wanga, ndi iwe Olipa mlongo wanga amene uwerenge kalatayi,

Moni nonse ku Kanakantapa. Ine kuno ndili bwino, kaya inu. Kodi mwendo wa Amama unasiya kutupa? Nanga chitsime cha kudimba chikadali ndi madzi? Mundiuze zonse, ngakhale za nkhuku.

Pepani kuti ndinakhala chete. Ku Joni ntchito inandikana, ndiye ndinakwera lole ya matabwa n'kutsika nayo mpaka pamene dziko lathera. Amama, nyanja ndaiona! Koma pamene ndimagwira ntchito si panyanja penipeni, ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ine ndimangoti dambo, pakuti likufanana ndi lathu, kungoti ili ndi lalikulu ndipo madzi ake ndi amchere pang'ono. Madziwo amabwera kudzaza dambo lonse, kenaka amachoka n'kusiya matope ndi udzu, kenaka abweranso, ngati chinthu chachikulu chikupuma m'tulo. M'mawa pamagwa nkhungu, moti sudziwa pamene madzi athera ndi pamene thambo layambira. Masiku oyamba ndinkangoima kukamwa yasa, mpaka anzanga kundikoka malaya.

Pansi pa madziwo pamamera udzu wautali, ndipo mu udzumo mumakhala kanthu kamene eni dziko amati kavalo wa m'nyanja. Olipa, usaseke. Ndi kansomba kotalika ngati chala changa, mutu wa kavalo, mchira wa bilimankhwe. Kamasambira choimirira, pang'onopang'ono ngati mkulu wa mpingo akupita kutsogolo ndi mbale ya chopereka, ndipo kakatopa kamakulunga mchira paudzu n'kumangogwedezeka ndi madzi. Diso lina limayang'ana kuno, lina uko.

Nsombazi zatsala pang'ono kutha. Pali kampani ina imene ikukumba ngalande m'dambomo kuti imange nyumba za anthu olemera, zoti boti lizifika pakhomo. Chimakina chawo chikadutsa, udzu umazuka, madzi amasanduka phala, ndipo nsombazi zimasowa pogwira. Ntchito yathu ndi kuthamanga patsogolo pa chimakinacho. Timazula udzu ndi dothi lake, monga timachitira ndi mbande za repu, n'kukauwoka tsidya lina, kenaka timasamutsa eni udzuwo m'ndowa. Amayi a ku yunivesite amene anandilemba ntchito anandipatsa lamulo limodzi: ukapeza kamodzi usafulumire, dikira mpaka uone kanzake. Nsombazi zimakhala ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo m'mawa uliwonse zimapatsana moni. Zimasintha mtundu, zimakolana michira n'kumazungulira ngati zikuvina. Ndiye lamulo ndi lomwelo: awiri, ndowa imodzi.

Koma chimene chandizunguza mutu ndi ichi. Mimba amanyamula ndi mwamuna! Mkazi amaika mazira m'kathumba kamene kali pamimba pa mwamunayo, iye n'kumayenda nawo mpaka kubereka. Sindinachite kumva, mimbazo ndaziona ndi maso angawa.

Nelesi, nkhungu ikamachoka pamadzi ndimakumbukira dimba lathu m'mawa, iwe uli patsogolo ndi keni. Zina sindilemba, pakuti wowerenga ali ndi pakamwa.

Ine wanu,
Ezron


Kanakantapa, Chongwe
13 Okutobala 1996

Ba Ezron alongo anga,

Muli bwanji uko kumathero a dziko? Ise tili bwino, kuchotsako dzuwa limene lifuna kutiwotcha amoyo. Mwendo wa Amama uli chimodzimodzi, chitsime chatsala matope, nkhuku zinatha na chitopa, yatsala imodzi chabe, yamwano ija imene imalowa m'nyumba. Mukamatuma kanthu musaiwale nsapato zanga, nayenda na zala panja mokwanira.

Kalata yanu aphunzitsi anaitenga ku bokosi la sukulu ku positi, ndipo ninaiwerenga pabwalo monga mwa masiku onse. Manje imwe, munaiwala kuti kalata ya ku Joni siwerengedwa na banja lokha? Ba Peterson a pa poloti yoyandikana na yathu anabwera na mpando wao, azimai a kudimba anasiya makeni pansi. Pamene ninafika pa mwamuna wa mimba, mayo ine! Anthu anagwa na kuseka. Ba Peterson ati, "Mwana uyu wayamba mowa wa azungu." Mulamu wanga ba Nelesi anangoyang'ana pansi, akukumba dothi na chala cha kuphazi.

Amama okha sanaseke. Ananiuza kuti nibwereze pamenepo, ninabwereza. M'mawa mwake ananiitana, ati tenga bolopeni. Zimene zibwerazi ni mau ao, musakwiyire ine, ine ni dzanja chabe.

Ati: "Mwana wanga, Mulungu sanakutume kumadziko pachabe. Kanthu kopatsa mimba ngakhale mwamuna, kangalephere bwanji pa mkazi? Nelesi wamwa mizu ya kwathu ku Katete, wamwa ya Asoli, eni dziko a kuno, wapempheredwa mpaka maondo kuda, koma mbereko sinalowebe m'nyumba muno. Anzako amene munalandira nao mapoloti ana ao ali ku sukulu. Gwira kamodzi kakamuna, kamene kali na mimba, ukaumike padenga, ukaike mu envulopu. Tizakasinja na kuthira m'phala lake. Ukakana, ine natopa. Tikatha kupalira nizamubweza kwao ku Katete, ndipo ku Bundabunda kuli mtsikana wa mpingo wathu amene namuona kale."

Mwamva pamene pali "tikatha kupalira"? Amama si opusa, afuna khasu la ba mulamu liyambe lagwira ntchito.

Ine ninayesa kukamba kuti nsomba ni nsomba, ananiponyera chikho. Alongo, ba mulamu niwakonda maningi. Ni amene animanga tsitsi, ni amene athowa mwendo wa Amama m'mawa na madzulo, mwendo womwewo umene ufuna kuwakankhira kumsewu. Kansomba kamodzi chabe m'nyanja yonse, ndani azadziwa? Tumizani, nkhani ithe.

Mlongo wanu wopanda nsapato,
Olipa


Pa positi, Chongwe
29 Okutobala 1996

A Ezron,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani. Ine ndili bwino. Kalata iyi ndalemba ndekha pa benchi ya positi, nditatha kugulitsa matimati. Olipa sakudziwa. Pepani zilembo zokhota, dzanja linazolowera khasu.

Mwamva zimene Amama anena. Sindiwada ayi. Pa Sabata ndinawaona ku tchalitchi akusisita mutu wa mwana wa eni ake, nkhope yawo ili ngati ya munthu wanjala.

Chibwerere kalata yanu ija ndimalota madzi. Ndimalota dambo lathu ladzaza, madzi akwera mpaka kumunda, chimanga chonse chili pansi pa madzi koma sichinafe, chikungogwedezeka. Ine ndikuyenda m'mizere, ndikupuma bwinobwino. Kumwamba dzuwa likuoneka ngati mbale yomira m'chitsime. Pa phesi lililonse pali kakavalo kanu, kakulunga mchira, kakundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndikatambasula dzanja, kamodzi kamabwera n'kugwira chala changa, monga ligwirira khanda. Ndikadzuka chalacho chimakhala chofunda.

Ndatopa kuitanidwa Nelesi ngati kamtsikana, pamene anzanga onse ndi amake uje, amake uje. Inunso simunamvepo munthu akukuitanani ndi dzina la mwana. Ndamwa zowawa zambiri, kansomba kamodzi aka sikangandiphe. Ngati inu simukhulupirira, tumizani chabe kuti Amama aone kuti tayesa. Mukudziwa kuti ku Katete amayi anga kulibe, kwatsala amalume ndi akazi awo. Sindifuna kupita. Ndifuna kukhala pa poloti yathu, pamene tinazula zitsa tili awiri.

Mukamayankha, yanga muike m'kaenvulopu kakekake, mumate bwino.

Mkazi wanu,
Nelesi


Kumatsiriro
24 Novembala 1996

Nelesi wanga,

Moni. Makalata onse awiri ndinalandira. Ya Olipa ndinakwiya nayo, yako ndinalira nayo, ndikuuze zoona. Yakoyo ndinayenda nayo m'thumba la malaya mpaka inanyowa ndi madzi amchere.

Ndinapita kukachita zimene unapempha. Loweruka madzulo anzanga ataweruka, ndinabwerera ku udzu umene tinawoka tsidya lija. Ndinkadziwa tsinde lina pamene pamakhala awiri amene ndinawasamutsa ndi manja anga. Mwamunayo mimba inali itatupa ngati nzama yoviika. Ndinamumasula mchira paudzu, ndipo sanalimbane nane, anangogwira chala changa monga m'maloto ako aja. Ndinamuika m'ndowa yekha ndi kaudzu pang'ono, ulendo wa kumene ndimagona. Lata la padenga linali likadali lotentha. Ndinakwera pa mpando, ndinamutulutsa m'madzi, iye ali m'chikhatho changa, diso limodzi lili pa ine. Ndinati ayi, dzuwa lapita kale, ndimuumika mawa. Ndinamubweza m'ndowa.

Kutacha ndinasuzumira. Nelesi, m'ndowamo simunali mmodzi! Anali atagwira kaudzu kaja, akudzipinda n'kudziwongola ngati munthu wa chifuwa, ndipo akadzipinda m'kathumba muja mumatuluka ana. Ang'onoang'ono ngati tizidutswa ta ulusi, koma aliyense ndi mutu wake wa kavalo, aliyense ndi mchira wake. Anadzaza ndowa yonse, akuyandama, ena akugwirana michira okhaokha posowa udzu. Ndinakhala pansi pa simenti. Ine amene sindinamvepo khanda likulira m'nyumba mwanga, ndinapezeka ndili mzamba wa nsomba.

Ndinanyamula ndowa n'kuthamangira kudambo madzi asanachoke. Nkhungu inali ikadalipo. Pa tsinde lija mkazi analipo yekha, atasintha kale mtundu wake wa moni, akuzungulira popanda womugwira mchira. Ndinapendeketsa ndowa pang'onopang'ono. Ana anamwazikira mu udzu, ndipo bamboyo anapita choimirira, mosafulumira, n'kukagwira tsinde lomwelo. Ndinaima m'madzi mpaka zala zinachita dzanzi.

Chimakina chafika pakati pa dambo tsopano. Udzu umene tinawoka wina wagwira, wina wafa, ndipo nsombazi zachepa moti tikapeza ziwiri timaitanizana ngati tatola ndalama. Sindingathe, Nelesi. Ndipo ngakhale ndikanatumiza, miyezi ikanapita, Amama akanamva za mankhwala ena, iwe n'kumangomwa.

Koma ku Katete supita. Ndalemba ina yowerenga pabwalo. Olipa akamawerenga, iwe usatsegule pakamwa, ngakhale umve zotani. Ndakugwira mwendo.

Mwamuna wako,
Ezron


Kumatsiriro
24 Novembala 1996

Okondedwa Amama,

Moni, ndipo ndikhulupirira mvula yafika ndi mtendere. Olipa, kaenvulopu komata kali m'katimu ndi ka mlamu wako, ukatsegula ndidzadziwa. Iyi uwerenge mokweza, ndipo ngati a Peterson palibe ukawaitane, abwere ndi mpando wawo.

Amama, kansomba sinditumiza, chifukwa mukumwetsa mankhwala munthu wosadwala. Kuno ndinapita ku chipatala chachikulu, madokotala anandiyeza. Munda ulibe mlandu, Amama, mbewu ndiyo yosamera. Vuto lili mwa ine mwana wanu. Ngakhale mutabweretsa atsikana onse a ku Bundabunda pa ngolo, mudzangochulukitsa olira. Nelesi wakhala akumwa zowawa zaka zonsezi m'malo mwa ine.

Choncho katundu wake asamangidwe. Poloti imeneyo tinazula zitsa ndi iyeyo, ndipo akachoka, ine ndilibe kobwerera. Ntchito kuno itha mvula ikamatha kwathuko. Ndifuna ndidzamupeze pakhomo.

Nsapato za Olipa ndibwera nazo ndekha.

Mwana wanu,
Ezron


Kanakantapa, Chongwe
22 Disembala 1996

Ba Ezron,

Moni sinikupatsani wambiri, chifukwa imwe simutipatsako na pang'ono pomwe. Muli moyo? Chilembere ine kalata ija, kwanu kuli zii! Kapena mwapeza wina wokolana naye mchira kumeneko? Ni zimene akamba azimai kudimba, ndipo Amama ati kukhala chete kwanu ni kuvomera.

Mvula yabwera bwino, chimanga chafika m'maondo, tayamba kupalira. Ine nipalira pang'onopang'ono dala, kamzere kamodzi nakhala pansi, nikamba kuti msana. Koma ba mulamu, kaya ni kupusa kaya ni ulemu, apalira monga mwa masiku onse, osasiya na kaudzu kamodzi. Ninawatsina, nati imwe, simuona kuti mukumba njira yanu ya ku Katete? Ati chimanga chilibe mlandu. Munda uzatha, alongo, watsala kumapeto kuja chabe.

Amama anatuma kale mau kwa amalume ao a ba mulamu, anagula na chikwama cha mizeremizere ku Chongwe. Chili pakona, chitiyang'ana tikamadya. Madzulo ba mulamu apita kudambo, pakuti manje ladzaza, aima m'madzi mpaka m'akakolo, ayang'ana mu udzu ngati anataya ndolo. Nikawafunsa, ati niona chabe.

Nsapato zisiyeni, sinizifunanso. Lembani, olo mau awiri. Mukachedwa muzapeza nyumba yanu ili na mkazi amene simumudziwa na dzina lomwe.

Olipa


Kanakantapa
19 Januwale 1997

A Ezron mwamuna wanga,

Moni. Ndikulemba ndili pakhomo pathu, pa mpando wanu.

Kalata yanu inagona m'bokosi la sukulu tchuthi chonse, pakuti aphunzitsi anapita kwawo ndi kiyi. Inafika Lachisanu, munda titamaliza, chikwama changa chili panja, a Peterson atamanga kale ng'ombe pa ngolo yoti indifikitse kumsewu waukulu. Ndiye sipanafunike kuwaitana.

Olipa anandiponyera kaenvulopu kanga, ndinakawerengera kuseri kwa nkhokwe. Pobwera ndinapeza wayamba ya pabwalo. Atafika pa mbewu yosamera anaima n'kuyang'ana Amama, Amama anati pitiriza. Palibe anaseka. A Peterson anavula chipewa n'kuyamba kumasula ng'ombe zawo. Amama anafunda chitenje kumutu. Kenaka anadzuka ndi mwendo wawo uja, anakoka chikwama okha n'kulowa nacho m'nyumba. Madzulo nkhuku yamwano ija inaphedwa, ndipo Amama anandiikira chiwindi m'mbale.

Pakamwa ndinatseka monga munapempha, koma lilime ndinaluma mpaka magazi. A Ezron, inu chipatala? Inu amene khasu litakutemani munathawira pawindo la kiliniki mutangoona jekeseni? Simunapiteko. Simudziwa ngati ndi inu kapena ndine, monganso ine sindidziwa. Mwangonyamula mlandu wonse.

Ndikuuzeni kulemera kwake kuti musadzadabwe. Nkhani yafika kale ku Bundabunda. Anyamata a pa chigayo akupatsani dzina, akuti Kakavalo, ndipo mukadzatsika minibasi adzakuyang'anani pamimba. Ndinalira nditamva. Ndakwiya nanu kwambiri, komanso sindinakukondenipo chonchi chikwatiranire.

Maloto a madzi aja akubwerabe, koma tsopano m'mizere mumakhala inunso, muli patsogolo ndi ndowa yanu. Ana aja munachita bwino kuwabweza. Mukamachoka mukawasuzumire, mudzandiuze ngati udzu wawo unagwira.

Chomaliza, Amama sanagonje. Dzulo anapita kuthengo ndi kakhasu, ndipo mizu yonse imene ndinkamwa ine yayanikidwa padenga, ikudikira inu. Ndiyowawa, a Ezron, ina imachita kutseka kukhosi. Mubwere ndi shuga. Kapu ndatsuka imodzi, tidzamwera momwemo tonse awiri.

Mkazi wanu,
Nelesi